Mzungu wa pa Bulu m'Dziko la Mkanda

Sabata ino tiyeni tikwere minibasi ya ku Mchinji, tikatsikire pa boda ya Mwami. Mukaima pamenepo, kuno ndi Malawi, uko ndi Zambia, koma mayi wogulitsa mtedza kuno ndi mnzake wa nthochi kutsidyako akuyankhula chinenero chimodzi. Kodi munadzifunsapo kuti azungu oyamba kulemba za anthu amenewa anaona chiyani, malirewa asanalembedwe?

Apwitikizi anabwera ndi zombo pa nyanja yamchere, nakwera mtsinje wa Zambezi mpaka ku Sena ndi ku Tete. Mu 1616 Gaspar Bocarro anayenda pamtunda kuchoka ku Tete mpaka ku Kilwa, nadzera kwa mfumu Muzura. Mu 1798 Francisco de Lacerda anatsogolera ulendo wa kwa Kazembe, koma anafera komweko. Amene anatisiyira zambiri ndi António Gamitto, msilikali yemwe ananyamuka ku Tete mu 1831 pamodzi ndi Major Monteiro, n'kubwerera mu 1832. Mkuluyu anali ndi bulu wokwerapo, moti anthu ankangoti kukamwa yasa! Buku lake, O Muata Cazembe, linatuluka ku Lisbon mu 1854, ndipo Ian Cunnison analimasulira m'Chingerezi mu 1960.

Njira yawo inadzera kutsidya kwa Mchinji, dera lomwe lero ndi kum'mawa kwa Zambia. Gamitto analemba kuti Amaravi anali pansi pa Undi, ndipo kumpoto kwawo kunali anthu amene anawatchula kuti Chevas, mfumu yawo yaikulu Mucanda. Mwalimva dzinalo, eti? Ndi Mkanda yemweyu, ufumu womwe ulipobe ku Mchinji mpaka lero. Analembanso za Chisumphi, za mwavi, za maliro, za ulimi ndi kusula zitsulo, komanso za Atumbuka omwe ankakhala pakati pa Achewa.

Koma abale anga, bukuli musalimeze ngati phala. Gamitto anadandaula kwambiri ndi milandu. Gulu lake likamadutsa, mafumu ankafuna nsalu ndi mikanda, ndipo wapaulendo akalakwira mwambo ankalipitsidwa. Kwa iye kumeneku kunali kumudyera masuku pamutu. Nanga taganizirani inuyo muli mfumu: anthu mazanamazana, ena ndi mfuti, atulukira m'dziko lanu, akufuna chakudya, madzi, nkhuni ndi pogona. Mungawasiye adutse chabe? Dziko lili ndi mwini wake. Lero pa Mwami pomwepa mumaonetsa pasipoti, mumalipira msonkho wa katundu, ndipo palibe amanena kuti ndi umbava. Chimene mlendoyo ankachiona ngati dyera, kwa makolo athu linali lamulo.

Komanso paja mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Wodutsa amaona za m'mbali mwa njira basi. Za kudambwe ndi za kutsimba sauzidwa munthu wongogona usiku umodzi.

Ndiye tilitaye bukuli? Ayi ndithu. Mu 1835, patangopita zaka zitatu Gamitto atabwerera ku Tete, Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi. Pambuyo pake Angoni a Mpezeni anadzakhazikika m'dera la Chipata, nathyola mphamvu za Mkanda. Kenako Angerezi anamanga Fort Jameson ndi Fort Manning, zomwe lero ndi Chipata ndi Mchinji, malire n'kugawa abale pakati. Zimene Gamitto analemba zimationetsa dzikoli zonsezi zisanachitike. Ntchito yathu ndi kutenga lichero, kupeta, mankhusu apite, maso atsale.

Masowo tiwaphatikize ndi zimene akudziwa eni ake. Inu a kwa Mkanda, a ku Kapiri, a pa Kamwendo, ngati agogo akadali moyo, khalani nawo pansi muwafunse za mafumu akale, za ng'anjo zosungunulira chitsulo, za njira zomwe amalonda ankadzera. Mukapita ku Kulamba ku Mkaika mwezi wa Ogasiti, tcherani khutu kwa akuluakulu. Mzungu wa pa bulu uja analemba mbali yake. Mbali yathu ikudikira ife, ndipo okalamba sakudikira.