Za Ulendo wa ku Joni, Kale ndi Lero

Kuno ku Hara, m'boma la Karonga, midzi yopanda mwana wake ku Joni ndi yowerengeka. Chifukwa chake tiyenera kulingalira za mtunda umene utilekanitsa nawo, ndi umo anthu auyendera.

Kuchokera pa bwalo la ndege la Kamuzu, ku Lumbadzi, kufikira bwalo la O. R. Tambo, ku Johannesburg, pali makilomita ngati 1,500, ndipo ndege itha mtunda wonsewo m'maola awiri ndi theka. Ikanyamuka m'mawa, itera mayi wowokera mpunga asanaweruke kumunda.

Koma makolo athu sanauyenda motero. Iwo anapita pansi, atasenza mphasa ndi kamba, ena nakwera sitima ya panyanja kufikira Fort Johnston, naoloka Zambezi, nagwira ntchito m'minda ya Azungu ndi m'migodi ya Rhodesia kuti apeze ndalama zopitirira nazo. Clements Kadalie, amene anaphunzira ku Khondowe, kumwera kwathu kuno, anachoka m'dziko muno mu 1915, nafika ku Cape Town mu 1918.

M'zaka za m'ma 1950 a Wenela, olemba anthu a kumigodi, anayamba kunyamula amuna pa ndege kufikira Francistown, m'dziko limene lero litchedwa Botswana, ndipo pamenepo anakwera sitima ya pamtunda. Miyezi inasanduka masiku. Komatu pa 4 April 1974 ndege yawo yobweza anthu kumudzi inagwa itangonyamuka pa Francistown, pakuti mafuta ake anasakanizidwa ndi a mtundu wina, nafa anthu 78, ambiri a iwo Amalawi. Dr. Banda analetsa kulemba anthu. Ntchitoyo inayambanso mu 1977 ndi dzina la TEBA, nilekeka mu 1988.

Tsono taonani chodabwitsa cha masiku ano. Kuchokera ku Hara kufikira Lumbadzi pali makilomita ngati 500, limodzi la magawo atatu a mtunda wa ndegewo. Koma basi, pokwera Chiweta ndi kupyola Mzuzu, ithera tsiku lathunthu. Ndiponso mtengo wa ndege upambana matumba a ambiri, kotero ana athu apita pa basi kudzera ku Tete ndi Beitbridge, nagona m'njira monga agogo awo.

Ndipo ngakhale ulendo wafupika, kuchona sikunathe. Mwana akhala zaka khumi osaoneka, koma chomuletsa si mtunda ayi. Ndi kusowa ntchito, kusowa zikalata za boma, ndipo makamaka manyazi a kufika kumudzi chimanjamanja. Ziwiri zoyambazo sitingathe kuzikonza ife. Chachitatucho chili m'manja mwathu. Polankhula nawo pa lamya tisayambe ndi kufunsa ndalama; tiwauze kuti munda wawo ulipo, ndi kuti tidzawalandira ngakhale alibe katundu.