Mbiri ya Kadengu ka Zopereka M'gulu la Oleka Uchidakwa

Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi. Tanthauzo la mwambiwu limaonekera bwino m'mbiri ya Alcoholics Anonymous, gulu la anthu othandizana kuleka uchidakwa, lomwe ambiri amangolitchula kuti AA.

Gululi lidayamba m'chaka cha 1935 mumzinda wa Akron ku America, pamene Bill Wilson, munthu wa zamalonda wa ku New York, adakumana ndi dokotala wina dzina lake Bob Smith. Onse awiri mowa udawazunza zaka zambiri, ndipo adazindikira kuti chidakwa chimalimba mtima chikamathandiza chidakwa chinzake. Pofika 1937 anthu pafupifupi 40 adali atasiya kumwa. Apo Wilson adayamba kulingalira zazikulu, monga kumanga zipatala ndi kulemba ntchito anthu oyendayenda ndi uthengawo. Zonsezi zinkalira ndalama.

Kumapeto kwa chaka chomwecho iye adakaonana ndi alangizi a mpondamatiki John D. Rockefeller Jr. Mmodzi wa iwo, Albert Scott, atamva zonse adafunsa ngati ndalama sizidzaononga chinthu chabwino chotere. Mnzake Frank Amos adatumidwa ku Akron kukaona ntchitoyo, ndipo pobwera adapempha kuti gululo lipatsidwe madola 50,000. Rockefeller adakana. Mu 1938 adangopereka madola 5,000, ndipo ambiri mwa iwo adabwezera ngongole ya nyumba ya Smith. Mu 1940 adaitanitsanso anthu olemera ku phwando ku New York kuti adzamve za AA, koma mwana wake Nelson adauza alendowo kuti mphamvu ya ntchitoyi siili m'ndalama. Wilson adakhumudwa kwambiri, osadziwa kuti akutsinidwa khutu.

Zinthu zidatembenuka mu 1941, pamene mtolankhani Jack Alexander adalemba za gululi m'magazini ya Saturday Evening Post. Makalata opempha thandizo adachuluka, ndipo mamembala adakwera kuchoka pa 2,000 kufika pa 8,000 chaka chisadathe. Kaofesi ka ku New York kadasowa ndalama zoyankhira makalata onsewo, motero magulu adapemphedwa kusonkha mwa kufuna kwao. Anthu omwe kale ankadziwika ndi ngongole ndi kupemphetsa adayamba kudzilipirira okha.

Mu 1946 Wilson adalemba miyambo 12 yoyendetsera gululi, yomwe idavomerezedwa pa msonkhano waukulu ku Cleveland mu 1950. Mwambo wachisanu ndi chiwiri umati gulu lililonse lizidziimira palokha ndi kukana thandizo la ndalama lochokera kunja. Mwambowu udayesedwa pamene mayi wina adasiyira AA madola 10,000 m'wilo yake. Ofesi idali pa umphawi, komabe atsogoleri atakambirana adakana chumacho. Gulu la Narcotics Anonymous, lomwe lidayamba ku California mu 1953 pofuna kuthandiza ogwidwa ndi mankhwala ozunguza bongo, lidatengera mwambo womwewu.

Mpaka lero, pa msonkhano wa AA pamayenda kadengu kapena chipewa. Palibe mtengo woikika, ndipo wopanda kanthu sathamangitsidwa. Msungichuma, yemwe salandira malipiro, amayamba walipira lendi ya chipinda, khofi ndi timabuku. Amasungako pang'ono zodzathandiza pa tsiku la mavuto, koma kuunjika chuma sikuloledwa. Zotsala zimapita ku ofesi ya m'deralo ndi ku likulu. Pang'onopang'ono ndi mtolo: timakobiri timeneti ndito timalipira lamya imene munthu wothedwa nzeru amaimba usiku, timasindikiza ndandanda ya misonkhano, ndiponso timagula mabuku amene mamembala amapita nawo ku ndende ndi ku zipatala.

Nanga n'chifukwa chiyani gulu losauka likana mphatso? Choyamba, wopereka chuma chambiri sachedwa kufuna kulamula, ndipo pamene pali chuma mikangano siisowa. Chachiwiri chili mumtima mwa woperekayo. Munthu amene adamwera malipiro ake, namasenzetsa banja lake mavuto, akaponya kandalama m'dengu amadziwa kuti walipirira mpando wa mlendo amene adzafike mawa manja akunjenjemera. Mpando umene iye adakhalapo tsiku loyamba adaulipirira ndi wina amene sadamudziwe n'komwe. Kupatsa n'kuika.