Masanje Amene Ankaumba Maloya

Mwana akamatakasa dothi m'kachitini pa masanje, amake samudzudzula, pakuti amadziwa kuti mawa adzagwira mthiko weniweni. Maloya a ku England, kumene kunachokera malamulo ambiri a m'makhoti athu, nawonso anakulira m'masanje otere.

M'zaka za m'ma 1400 ndi 1500, mnyamata wofuna uloya ankalowa imodzi mwa nyumba zinayi za mu London: Lincoln's Inn, Gray's Inn, Inner Temple kapena Middle Temple. Mayeso olemba kunalibe. Anthu akatha kudya m'holo, pankabwera mlandu wongopeka, kawirikawiri wa malo kapena chuma chamasiye, ndipo anyamata ankatsutsana m'Chifalansa chakale cha m'makhoti. Sewero limeneli linkatchedwa moot. Maloya okhwima ankakhala ngati oweruza, ndipo pamapeto ankaunika mfundo zonse, mnyamata n'kumva yekha pamene waterereka. Wosadutsa m'seweroli sankaloledwa kuimira anthu pa milandu.

Nkhondo yapachiweniweni ya mu 1642 inasokoneza mwambowu, ndipo pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1600 unali utazilala. Chinatsala n'chiyani? Chakudya basi! Kwa zaka zambirimbiri munthu ankasanduka loya makamaka chifukwa chodya mgonero m'holo kangapo konse, mpaka mayeso okakamiza anakhazikitsidwa mu 1872. Tangoganizani, abale, mlandu wa munda wanu uli m'manja mwa munthu amene sukulu yake inali mbale ndi supuni.

Koma sewerolo silinaferetu. Mu 1960 ku America kunayamba mpikisano wa Jessup, wa malamulo a pakati pa mayiko. Mu 1992 ku Harare kunachitika mpikisano woyamba wa milandu yopeka ya ufulu wachibadwidwe, umene pambuyo pake unafalikira Africa yense.

Nalonso phunziro la akuluakulu a m'holo aja linabwerera. Mu 1983 Donald Schön analemba buku lakuti The Reflective Practitioner, lonena kuti katswiri amakula pounika yekha ntchito imene wagwira. N'chifukwa chake aphunzitsi ena amauza wophunzira kuti, sewero likatha, alembe pamene anapunthwa, chifukwa chake, ndi chimene adzasinthe.

Kupunthwa pa masanje n'kotchipa, anzako amangoseka n'kuiwala. Koma loya akapunthwa m'khoti lenileni, amene amakagona kundende kapena kulandidwa munda ndi munthu wina, amene anamukhulupirira.