Diso la Woponya Mivi ndi Kamphete ka pa Nsinga

Chiyambire pamene munthu anakunga uta, funso limene lasautsa alenje ndi ankhondo omwe ndi limodzi: kodi diso lingabwerere bwanji pamalo amodzimodzi nthawi zonse nsinga ikakokedwa? Pakuti mfuti ili ndi zolozera ziwiri, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, zokhazikika pa chitsulo chimodzi. Koma uta, ungakhale uvekedwe cholozera kutsogolo, kumbuyo kwake kulibe china koma nkhope ya mwini wake.

Akale a ku England ankakokera nsinga mpaka kukhutu, nakhulupirira chizolowezi cha thupi, ndipo Roger Ascham, m'buku lake la Toxophilus la 1545, anawalangiza kuti maso azikhala pa chandamale, osati pa muvi. Zitapita zaka 300 anadzuka Horace Ford, katswiri amene anapambana mpikisano waukulu wa dzikolo zaka 11 zotsatana kuyambira 1849, naphunzitsa kuti dzanja liziima pansi pa chibwano, muvi uli pansi penipeni pa diso. Kuyambira pamenepo nkhope inasanduka muyeso.

Kamphete kotchedwa peep sight, kamene amakapanikiza pakati pa ulusi wa nsinga kuti woponya asuzumiremo, kanafala pamodzi ndi uta wa timagudumu, umene Holless Wilbur Allen wa ku Missouri analandirira chikalata cha umwini mu 1969. Palibe angakane kuti kanawongola mivi ya anthu ambiri. Komatu kanadza ndi zowawa zake. Nsinga ikatanuka kamphete kamapotoloka, munthu n'kukoka uta osaona kanthu. M'bandakucha ndi m'chisisira, nthawi imene nyama zituluka kukadya, kabowoko kamameza kuwala, makamaka kwa iye amene maso ake ayamba kufooka ndi ukalamba. Ndipo kachubu ka mphira kamene ena amamangirirapo kuti kampheteko kaziima bwino, kakakalamba osasinthidwa, kamaduka ndi kukwapula nkhope. Paja akuluakulu anati muvi woyang'anira suchedwa kulasa m'maso.

Njira yoyamba yolewera kamphete, imenenso ine ndiilemekeza koposa, ndiyo ya kabatani komangidwa pa nsinga, kamene kamakhudza milomo kapena nsonga ya mphuno uta ukakokedwa wonse. Oponya ndi uta wopanda timagudumu pa Olimpiki, kumene masewerawa anabwerera mu 1972 ku Munich, malamulo a bungwe la World Archery amawaletsa kamphete, nawalola chizindikiro chokhudza mlomo kapena mphuno. Komabe iwo, poika dzanja pansi pa chibwano ndi kulinganiza mzere wa nsinga ndi mtengo wa uta, amalasa bwalo la masentimita 12.2 ali pa mtunda wa mamita 70. Amene anaonapo zimenezi sanganene kuti thupi lophunzitsidwa ndi chida chochepa.

Amisiri a ku America, poganizira alenje a agwape, anatsata njira zina. A Hind Sight anachotsa cholozera cha kumbuyo pa nsinga nachimangirira pa uta weniweniwo, monga cha mfuti. Ena, monga opanga No-Peep, Anchor Sight ndi Retina Lock ya IQ, anaika kagalasi koonetsa kadontho pakati pa kabwalo, kotero kuti mutu ukapendekeka, kapena dzanja likapotoza uta pang'ono pokha, kadonthoko kamachoka pakati muvi usanaponyedwe. Kupotoza kumeneku kamphete sikaulula bwino, ndipo apa zida zatsopanozi zimakaposa.

Mlenje amene chisisira chimamuchititsa khungu angachite bwino kuyesa zimenezi, atalola kuphunzira kukoka uta mwatsopano. Koma pabwalo la mpikisano, pamene dzuwa liwala ndipo chandamale chiima pa mamita 50, akatswiri a uta wa timagudumu akadali okhulupirika kwa kamphete, ndipo ndi iko kamene adzapite nako ku Los Angeles mu 2028, pamene uta wawo udzalowe m'Olimpiki koyamba.