Nkhuni za Dzinja: Mbiri Yake ku Mitundu ndi ku Nathenje

Mwezi uno tifuna kukamba za chinthu chimene ambiri achiyesa chachabe, ndicho nkhuni. Palibe nyumba m'midzi mwathu imene igona yosasonkha moto, ndipo kalembera wa chaka cha 2018 anapeza kuti mwa nyumba zinayi zilizonse m'Malawi, zitatu ndi kuposapo ziphikira nkhuni. Koma tikafunsa ana athu kuti nkhuni za dzinja zikonzedwa mwezi uti, ambiri angotiyang'ana. Chifukwa chake tiyeni tikumbutsane umo makolo athu anachitira, ndi umo nzeruyo inatayikira.

Dziko la pakati pa phiri la Bunda, pafupi ndi Mitundu, ndi phiri la Nkhoma, kum'mawa kwa Nathenje, lili ndi nyengo ziwiri zosiyana ndithu. Mvula iyamba mu Novembala nileka mu Epulo. Pambuyo pake pabwera miyezi isanu ndi umodzi ya dzuwa ndi mphepo. Kale pachidikha panali mthethe, chitimbe ndi kadale, ndipo m'mapiri munali mombo, msuku ndi muwanga. Akazi sanali kuvutika ndi mtengo wauwisi ayi. Anali kulowa m'thengo, natola nthambi zouma zokha, nazimanga ndi luzi, nazisenza pankhata. Amuna akamatema mphanje anali kusiya mitengo ikuluikulu igone pomwepo chilimwe chonse, kuti dzuwa ligwire ntchito yake.

Ntchito yeniyeni inali ya masika atatha. Chimanga chitalowa m'nkhokwe, mkazi wanzeru anayamba kututa mitolo tsiku ndi tsiku, lupsa lisanadye nkhuni za m'tchire. Pofika mvula ya chizimalupsa, mulu wake unali utakwera pakhonde kapena kuseri kwa nyumba. Machitidwe ake anali anayi. Nkhuni sizinagone padothi, koma pamiyala kapena pamitanda, chifukwa cha chiswe ndi chinyontho. Zikuluzikulu zinawazidwa ndi nkhwangwa, pakuti khungwa litsekera madzi m'kati. Pamwamba anafolera udzu, koma m'mbali anasiya poyera kuti mphepo ipite. Ndipo masiku a mvumbi, nkhuni za mawa zinagona pansanja pamwamba pa mafuwa, kuti moto wa lero uumitse za m'mawa mwake.

Makolowo sanadziwe kuyesa madzi a mumtengo, koma zimene anachita zigwirizana ndi zimene ophunzira apeza. Mtengo wongodulidwa kumene, theka la kulemera kwake ndi madzi. Ukauma bwino, madzi otsala sapitirira gawo limodzi mwa magawo asanu. Chikuni chachiwisi chiyamba chataya mphamvu yake pophwetsa madzi ake omwe, kotero kuti mitolo iwiri yolemera mofanana, wouma upatsa moto woyandikira kawiri wa wauwisi. Ndicho chifukwa chake chikuni chachiwisi chilira, chituluka thovu kunsonga, nichidzaza nyumba ndi utsi.

Tisayese kuti dziko lonse lichita monga ife. Ku Chikwawa ndi ku Nsanje, kumene dzuwa liwotcha koposa, nkhuni ziuma msanga, ndipo kuli tsanya, mtengo wolimba umene makala ake akhalitsa. Mdani wa kumeneko ndiye madzi osefukira, amene akokolola mulu uli pansi. Ku Mulanje ndi ku Thyolo, mu Juni ndi Julaye, pamene ife tiyanika popanda nkhawa, kugwa chiperoni, mvula yowaza ya masiku angapo, ndipo nkhuni zosafolera zinyowa m'chilimwe momwe. Ku Dedza, anansi athu a kumapiri, kuzizira kuchedwetsa kuuma, komanso moto ufunika wambiri wowotha. Amishoni amene anakhazika Mvera mu 1889 ndi Nkhoma mu 1896 anatumidwa ndi mpingo wa ku Cape, ndipo kufupi ndi Cape Town mvula igwa m'miyezi yachisanu, yomwe kuno kuli gwaa. Ku Ulaya wakumpoto, mitengo yolimba idikira chaka chathunthu kapena ziwiri isanayake bwino. Tikalinganiza zonsezi, tiona kuti ife tinapatsidwa gawo lopepuka: chilimwe chimodzi chitikwanira, bola nkhuni ziwazidwe ndi kusanjidwa nthawi ikadalipo.

Nanga chinasintha n'chiyani? Choyamba ndi fodya. Mu 1920 A. F. Barron ndi R. W. Wallace anayamba ulimi wa fodya m'boma la Lilongwe, nalimbikitsa anthu a m'midzi kulima chikopa, fodya wochiza ndi utsi. Alimi anachuluka msanga, kotero kuti mu 1926 boma linakhazikitsa bungwe la Native Tobacco Board. Kuyambira pamenepo mtengo unapeza ntchito zatsopano: mitengo yomangira zigafa, ndi zikuni zofukizira fodya masiku ambiri. Minda inakula, thengo linafupika. Njerwa zowotcha nazo, zomangira masukulu, matchalitchi ndi nyumba, zinadya zikuni zazikulu zimene kale zinali kuwolera m'nkhalango.

Mu 1922 boma linapatula Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique, kuti ikhale nkhalango yotetezedwa, pakuti m'menemo muchokera mtsinje wa Lilongwe ndi wa Diamphwe. Zaka zambiri mapiri amenewo anaima ngati nkhokwe yotseka. Koma mu 1975 Lilongwe anasanduka likulu la dziko, ndipo mzinda unayamba kukula ndi njala yake ya moto. Nkhuni, zimene kale sizinali kugulidwa, zinasanduka malonda. Amuna anayamba kukankha njinga zosanjikiza nkhuni ndi matumba a makala m'misewu yopita kumzinda, akunyamuka tambala asanalire. Sitiwaweruza anthu amenewa, pakuti ambiri mwa iwo afuna za sopo ndi za sukulu za ana. Koma tidziwe kuti pofuna kilogalamu imodzi ya makala m'ng'anjo ya dothi, papsa makilogalamu a mtengo asanu kufikira khumi. Mu 2015 kuwonongeka kunafika poti boma linatumiza asilikali ku Dzalanyama, poopa kuti madzi akumwa a mumzinda angaphwe.

Taonani tsono chimene chinagwera pakhomo. Munthu wogulitsa sadikira chilimwe, pakuti afuna ndalama lero. Mkazi amene ayenda ulendo wautali kukapeza mtolo umodzi sasunga kanthu, pakuti mtolowo utha masiku awiri kapena atatu. Zouma za m'thengo zitatha, anthu anayamba kudula zaziwisi ndi kuziika pamoto sabata lomwelo. Ena aphikira mapesi ndi zitsononkho, zimene zipsa ngati udzu, ndipo nyemba zofuna moto wautali zichepa m'miphika. Apa pali msampha: mitengo ikachepa, anthu asonkha zaziwisi, posonkha zaziwisi afuna zambiri, pofuna zambiri mitengo ichepanso. Ndipo utsi wa nkhuni zonyowa ugwera amayi ndi makanda ali kumbuyo, nuwabweretsera chifuwa ndi maso ofiira.

Boma linayamba tsiku lobzala mitengo mu 1976, ndipo pambuyo pake linatalikitsa nthawiyo kuti ikhale nyengo yathunthu ya dzinja. Midzi yambiri inabzala bulugamu, malaina ndi kesha. Izi n'zabwino, pakuti akulu anati m'mera m'poyamba. Koma mtengo wobzala lero udzapatsa nkhuni patapita zaka, pamene kuumitsa kuthandiza chaka chino chomwe. Ndipo mitengo yatsopanoyi ili ndi makhalidwe ake. Bulugamu awazika bwino akadali wauwisi, koma akauma alimba nakana nkhwangwa. Choncho muwazeni msanga. Malaina achedwa kuuma kuposa umo kupepuka kwake kuonetsera. Kesha aphukanso pachitsa, kotero kuti wodula mwanzeru adzakololanso pomwepo.

Chifukwa chake, abale, malangizo athu ndi akale omwe aja. Sadzani nthambi ndi kudula zoyenera kudula mu Meyi kapena Juni, osati mu Disembala. Wazani, sanjani pamitanda, mapeto a nkhuni aloze kumene ichokera mphepo, ndipo folerani pamwamba mu Okutobala. Pofuna kudziwa ngati zauma, gundanitsani ziwiri: zouma zilira mokweza ndipo zili ndi ming'alu kunsonga, zaziwisi zilira mogonthera. Amuna asanene kuti imeneyi ndi ntchito ya akazi; nkhwangwa ndi nsanja zifuna manja awo. Amene angathe apeze chitetezo mbaula, chophikira cha dothi chimene chidya nkhuni zochepa kuposa mafuwa. Ndipo monga tisonkha nkhuni pamaliro popanda wotikakamiza, tikumbukirenso nkhalamba ndi amasiye a m'mudzi mwathu mvula isanagwe, kuti asadzazule udzu wa padenga pofuna kuphika phala.

Makolo athu anali ndi thengo lalikulu, komabe anasunga. Ife tili ndi mitengo yowerengeka m'malire mwa minda, ndipo tiyenera kusunga koposa iwo. Chaka chino, mitambo yoyamba ikadzaoneka pamwamba pa Bunda, aliyense ayang'ane kuseri kwa nyumba yake, aone ngati mulu wa dzinja ulipo.