Bwalo la Mpira ku Mpingu ndi Midzi Yozungulira

Munthu akatuluka mu mzinda wa Lilongwe kulowera kumadzulo pa msewu wa ku Mchinji, amafika ku dera la Chitedze ndi Mpingu, ndipo patsogolo pake pali Msundwe ndi Namitete. Dziko la kumeneko ndi lachidikha ndiponso lachonde, kotero kuti malo onse ndi minda ya chimanga, mtedza ndi fodya. Koma pafupi ndi sukulu kapena tchalitchi mudzaona malo amodzi osalimidwa, okhala ndi mitengo iwiri yoimika uku ndi iwiri uko. Limenelo ndilo bwalo la mpira.

Dzina lakuti bwalo ndi lakale kuposa mpirawo. Makolo athu Achewa anali ndi bwalo lawo pansi pa mtengo waukulu, pamene mfumu inkaweruza milandu ndiponso pamene gule wamkulu ankavinidwa. Mpira unachokera ku Mangalande, kumene malamulo ake analembedwa mu mzinda wa London m'chaka cha 1863. Kuno unadza ndi amishoni ndi azungu aboma, ndipo unafalikira m'midzi potsata masukulu. Mfumu ikapereka malo a sukulu, aphunzitsi ndi ana ankazula zitsa ndi kusalaza zulu, ndipo anthu anatcha malowo bwalo, pakuti anali a mudzi wonse monga lija la milandu.

Tsono tione kayalidwe kake. Malamulo amati m'litali bwalo likhale mamita 90 mpaka 120, ndipo m'lifupi mamita 45 mpaka 90. Golo ndi wotambalala mamita 7.32 ndi wotalika mamita 2.44, ndipo penate amamenyera pa mtunda wa mamita 11 kuchokera pa golo. Kumudzi miyeso imeneyi amaipima ndi mapazi kapena chingwe. Magolo amakhala a mitengo ya bulugamu, malire amawalemba ndi phulusa kapena kukumba kamzere ndi khasu, ndipo oonerera amaima mozungulira, ena atatsamira njinga zawo. Masiku ena pabwalopo pamadya mbuzi ndi ng'ombe, ndipo ana aang'ono amamenyapo chikulunga chawo cha mapepala. Anthu akatha kukolola ndi kugulitsa fodya, ndiyo nyengo ya mipikisano ya midzi.

M'mizinda mbiri inayenda mwina. Ku Blantyre kunamangidwa Rangeley Stadium, imene pambuyo pake inatchedwa Kamuzu Stadium. Bungwe loyendetsa mpira m'Malawi linakhazikitsidwa m'chaka cha 1966, ndipo timu ya dziko lino inatenga chikho cha maiko a kum'mawa ndi pakati pa Africa mu 1978, 1979 ndi 1988. Mu 2017 ku Lilongwe kunatsegulidwa Bingu National Stadium, yomangidwa ndi ngongole ya ku China, yolowa anthu oposa 40,000. Komabe golo wa m'menemo ndi wofanana msinkhu ndi wa bulugamu uja, ndipo anyamata ambiri oseweramo anayambira pafumbi, opanda nsapato.

Pali chinthu chimodzi chodetsa nkhawa. Chiyambire 1975, pamene Lilongwe anasanduka likulu la dziko, mzindawu wakhala ukukula kulowera m'midzi, ndipo malo a m'mbali mwa msewu wa ku Mchinji akufunidwa ndi omanga nyumba. Bwalo la mpira ndilo losavuta kulanda, chifukwa lilibe mpanda ndipo mwini wake ndi aliyense. Wina amalima mizere iwiri m'mphepete chaka chino, chaka chamawa inayi, kufikira bwalo litachepa.

Chotero mafumu, aphunzitsi ndi makolo achite bwino kupima mabwalo awo, kubzala mitengo m'malire, ndi kuwalembetsa kuti ndi malo a mudzi wonse. Nyumba ikamangidwa pabwalo, ana a m'mudzimo sadzapezanso pena posewera.