Ndege ya bambo ndi ndege ya amalume

Mwambo wa kwathu kuno ku Chileka, monga m'madera ena onse a chikamwini, umati mkamwini satsutsana ndi mwinimbumba pagulu. Mkamwini amalima, amamanga nyumba, amabereka ana, koma mawu omaliza pa za mbumba amakhala a malume. Bambo anga ankausunga mwambowu mosaphonya. Amalume akalankhula, iwo ankangoti, "Mwatero, alamu." Padali nkhani imodzi yokha imene ulemu wonsewu unkathera pakhonde, ndiyo ya ndege. Amalume ankati padziko lapansi palibe ndege yoposa Harvard. Bambo ankati Harvard ndi chitini chaphokoso, ndege yeniyeni ndi Dakota. Mkanganowu ndidaumva kuyambira ndili wamng'ono, ndipo ndidachedwa kuzindikira kuti unkachokera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, imene aliyense wa iwo adaimenya kwakekwake.

Ndiyambe ndi amalume, poti ndiwo eni mudzi. Iwo adachoka mu 1939 wapansi, kudzera ku Tete, kukafuna ntchito m'minda ya fodya ku Southern Rhodesia. Nkhondo itayamba, Angerezi adaona kuti thambo la kwawo ladzaza ndi adani ndi mitambo, choncho adatsegula masukulu ophunzitsa oyendetsa ndege m'maiko a kutali. Ku Rhodesia sukulu yoyamba idatsegulidwa pa Belvedere, mu Salisbury, mu 1940, ndipo pomafika 1945 masukulu a m'dzikolo adali ataphunzitsa anthu oposa 8,000, ena ochokera ku Britain, ku Australia ngakhalenso ku Greece. Mabwalo onsewo ankafuna alonda. Mu 1941 kudakhazikitsidwa gulu la asilikali achikuda lotchedwa Rhodesian Air Askari Corps, ndipo amalume adataya khasu nalowa m'gululo. Adawatumiza ku bwalo la Thornhill, pafupi ndi tauni ya Gwelo imene lero ndi Gweru.

Kumeneko ndiko adakumana ndi Harvard. Idali ndege ya injini imodzi ndi mipando iwiri, wina kutsogolo wina kumbuyo, yopakidwa utoto wachikasu kuti izioneka patali. Wophunzira ankayamba wazolowera ka Tiger Moth, kandege ka mapiko osanjikizana okutidwa ndi nsalu, kamene munthu ankachita kukaliza popukusa pulopela ndi manja. Akakhoza pamenepo ndiye ankamupatsa Harvard. Chimene amalume ankachikonda chidali kulira kwake. Ankatsina mphuno natulutsa liwu longa la sowo yocheka thabwa louma, ife ana n'kumagubuduzika ndi phwete. Nditakula ndidawerenga kuti kulirako kumadza chifukwa nsonga za pulopela yake zimazungulira mpaka kufika pa liwiro limene mawu amayenda nalo mumpweya. Amalume ankalongosola mwachidule: "Imeneyo ndi tambala, siyenda mobisala."

Zaka zinayi adazilonda ndegezo usiku, mfuti ili paphewa, m'chisanu cha ku Gwelo. Ankadziwa iliyonse ndi nambala yake. Ankadziwanso, pongomva ndi khutu, ngati amene akuterayo ndi mphunzitsi kapena mwana wa sukulu. Adanyamulako mitembo ya anyamata amene adagwa nazo m'tchire, pakuti ngozi sizinkasowa. Koma kukwera ayi. Ophunzira adali azungu, ndipo ntchito ya munthu wakuda idali kulonda, kusenza ndi kusesa.

Bambo njira yawo idali ina. Adalembedwa usilikali wa Keyala, ndiye kuti King's African Rifles, ku Zomba. Mu 1943 adakwera sitima ya pamadzi ku Mombasa kupita ku Ceylon, lero Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Mu Ogasiti 1944 gulu lawo lalikulu, la 11th East African Division, lidalowa m'chigwa cha Kabaw ku Burma, likupirikitsa Ajapani amene adali atagonja pa Imphal ndi pa Kohima. Iyo idali nyengo ya mvula yosalekeza ya kumeneko. Msewu udasanduka phala, magalimoto adatitimira, ndipo malungo ankagwetsa anthu ochuluka kuposa zipolopolo. Chakudya, mankhwala ndi zida zidayenera kudzera kumwamba.

Apa ndi pomwe bambo ankakhazika mawu pansi, ndipo ngakhale amalume ankaleka kudula nkhani. Asilikali ankalambula malo, nayala zizindikiro pansi, nafukiza utsi. Kenaka ankadikira, makutu ali tcheru. Dakota inkatulukira pansi pa mitambo, yonenepa, yosafulumira, chitseko chake cha m'mbali atachichotseratu. Inkazungulira malowo kangapo ili m'munsi kwambiri, ndipo ulendo uliwonse amuna a m'katimo ankakankha katundu ndi mapazi. Zosweka monga mankhwala ndi zipolopolo zinkatsika ndi maparachuti, amene bambo ankawatchula kuti maambulera. Mpunga ndi ufa ankangoziponya m'matumba ovekana awiri, kuti la m'kati likaphulika lakunja ligwire. Thumba lotere likapeza munthu kapena bulu, imfa yake idali ya pomwepo, kotero kuti chakudya chimene unkachilira usiku wonse unkayambanso wachithawa.

Tsiku lina, atagona masiku awiri ndi masikono ouma okha, adaona maambulera akutsika bwinobwino, anthu n'kuyamba kugawana ndi pakamwa nyama ya m'chitini ndi ndudu. Mphepo idangotembenuka, katundu yense nawolokera tsidya la mtsinje kumene kudali adani. Msilikali wina wachikulire wa ku Ntcheu adayang'ana nati, "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo." Mwambi umenewu ndidauphunzitsa m'kalasi zaka zambiri, ndipo mabuku amautanthauzira bwino, kuti chako ndi chimene wachigwira kale. Koma ine ndikaumva ndimaona maambulera oyera akuwoloka mtsinje.

M'mawa mwake Dakota idabweranso, mitambo ili yakuda bii. N'chifukwa chake bambo sankalola munthu kuinyoza. Amalume akati ndege yanji yoyenda ngati bakha, iwo ankayankha kuti, "Alamu, mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo." Kunena zoona idali ndege wamba. Idabadwa ngati DC-3 yonyamula anthu, imene kampani ya Douglas ku America idaiulutsa koyamba mu Disembala 1935, ndipo ya usilikali, yotchedwa C-47, adapanga zoposa 10,000. Dzina loti Dakota adaipatsa ndi Angerezi. Idali ndi mainjini awiri, inkasenza katundu wosapitirira matani atatu, ndipo idalibe mfuti yodzitetezera. Ndi ndege yotereyi imene idawadyetsa mpaka gulu lawo lidafika pa Kalewa, m'mbali mwa mtsinje wa Chindwin, kumayambiriro kwa Disembala 1944.

Bambo eni ake pa Kalewa sadafikepo. Malungo adawagwira kutatsala pang'ono, ndipo adawatulutsa m'chigwamo pa machira, m'mimba mwa Dakota, ali chikomokere. Adatsitsimukira m'chipatala ku India osadziwa kuti afikamo bwanji. Mkangano ukafika povuta ankaponya chida chawo chomaliza: "Komatu ine ndidakwerapo." Amalume ankayankha osathawa: "Kukwera muli mtulo si kukwera, alamu. Thumba la mpunga nalonso lidakwera." Amayi ankaseka ali kukhitchini, osaonetsa kuti ali mbali iti.

Kusekako kudatha mu 1959. Ndidali ndi zaka 11. Kumapeto kwa Febuluwale ndege zidayamba kutera pa Chileka motsatizana, zitanyamula asilikali a ku Southern Rhodesia odzathandiza boma la atsamunda kuthana ndi Nyasaland African Congress. Zambiri zidali ma Dakota. Pa 3 Malichi Bwanamkubwa Sir Robert Armitage adalengeza kuti dziko lili pa chiopsezo, Dr Kamuzu Banda adagwidwa kunyumba kwawo ku Limbe, ndipo adawaulutsa kupita ku ndende ya ku Gwelo komwe kuja amalume adalondako ndege. Adakhalako mpaka pa 1 Epulo 1960.

Bambo adali ndi chizolowezi chakuti Dakota ikamadutsa ankaimika khasu navula chipewa. M'masiku amenewo ndidali nawo m'munda pamene ina idadutsa chapansipansi, mawilo ali kunja. Adailondola ndi maso mpaka idabisika kuseri kwa mitengo, chipewa chili kumutu, kenaka adapitiriza kubandira. Madzulo ake amalume adabwera pakhonde. Adali ndi mpata wonse wogonjetsa mlamu wawo kamodzi n'kamodzi, ndipo ine ndinkadikira kuti atero. Iwo adafunsa za mvula ndi za mbuzi imene inkadwala, natsanzika.

Mkanganowo udadzayambiranso cha m'ma 1964, pamene Air Malawi idayamba ntchito ili ndi ma Dakota akeake, koma sudatenthenso ngati kale. Chipewa bambo sadachivulenso.

Kuchokera ku Burma adabwera ndi mamendulo, chikho cha chitsulo ndi chidutswa cha nsalu ya parachuti chimene adafunda pa machira paja. Amayi adachipinda m'mphepete nachisandutsa mbereko. Ndidaberekedwamo ine, adaberekedwamo alongo anga awiri ndi mng'ono wanga, chingwe chimodzi chidakali cholendewera pakona. Amalume atamwalira mu 1981, bambo adachitulutsa m'sutikesi, nachiika m'bokosi la alamu awo osapempha chilolezo kwa eni mbumba, ndipo panalibe amene adawaletsa.